Tsamba Lomaliza la a Bwererani

Pali chinthu chimene ndachibisa chaka chathunthu, ndipo ngakhale bambo a mwana wanga sakuchidziwa. Pa maliro a amalume anga a Gelevazio, ku Lirangwe, ine ndi amene ndinawerenga mbiri yawo. Inali ya masamba anayi. Mawu anali awo, anandiuza okha asanamwalire, ine ndinangotaipa pa kompyuta. M'mawa wa tsiku loika maliro ndinatenga tsamba lachinayi nkulilowetsa pachiwiri. Sindinachotse liwu ngakhale limodzi, sindinawonjezere kanthu. Ndinangosuntha pepala. Pochokera kumanda anthu ankandigwira chanza kuti mwana iwe wawerenga bwino. Sabata yatha chakwana chaka chiwaikireni, ndipo ndatopa nako kusenza ndekha.

Amene simunawadziwe muona ngati ndikukulitsa nkhani yochepa. Ndiye ndiyambe ndakuuzani za munthuyo.

Ku Chileka dzina loti Gelevazio ankalitchula ndi akazi awo okha, azakhali a Rozina, makamaka akakwiya. Ena tonse tinkati a Bwererani. Ukamawafotokozera nkhani iliyonse, kaya ya mbuzi yadya chimanga cha eni, kaya ya kondakitala wakunyoza mu minibasi, ankakusiya uthamange kaye, kenako nkukweza chala. "Tabwererani pang'ono. Zisanachitike zimenezo, munali kuti?" Ana tinkadana nazo kwabasi. Umabwera ukulira kuti mnzanga wandimenya, iwo nkumakubweza m'mbuyo pang'onopang'ono mpaka ukafike pomwe unamulanda mango. Ukafika pamenepo misozi inkauma yokha.

Chizolowezichi ankati anachitola ku bwalo la ndege, kumene anagwira ntchito zaka zambiri pa kawindo kolandirira anthu otaya katundu. Munthu ankabwera atafuka ndi mkwiyo kuti chikwama changa chasowa pompano. Amalume ankati munthu wotaya chikwama amayambira nkhani pomwe wazindikira kuti palibe, chonsecho chikwamacho anachisiya yekha kalekale mu takisi kapena pa benchi, ndipo malo amenewo amawadumpha ndi mawu awiri oti "basi kenako". Ndiye iwo sankavutika ndi zonse zimene munthuyo akulongolola. Ankangodikira "basi kenako" ameneyo, nkukumba pomwepo.

Atapuma ntchito anayamba kulemba mbiri za maliro. Palibe amene anawasankha. Anawerenga kamodzi pa maliro a mnzawo, ndiye kuyambira pamenepo uthenga wa maliro ukafika kwa akulu a mpingo unkafikanso kwa iwo, kuchokera ku Chileka mpaka kumidzi ya kwathu kwa Chigaru. Ankafika pa siwa ndi njinga yawo yakapalasa, miyendo ya buluku ataimanga ndi mphira, m'thumba la malaya muli mabolopeni awiri, chifukwa ankati imodzi imakonda kufera pakati pa nkhani yabwino. Sankafunsa kuti malemu anabadwa liti. Ankakhala pansi pafupi ndi ofedwa nkufunsa zachilendo: kodi ankaseka bwanji, ankadana ndi ndiwo yanji, tsiku limene munawakwiyira kwambiri ndi liti. Anthu ankayamba akulira, nkupezeka akuseka, kenako nkuliranso mopitirira.

Akatolera zonsezo ankalemba nkhani iliyonse pa tsamba lakelake, loima palokha, loti ukhoza kuliwerenga osaona linzake. Kenako ankayala masambawo pa mphasa nkumawasuntha ngati munthu wosankha mbewu. Ili libwere kuno, ili lipite uko. Ndinawaonapo akutha ola lathunthu atagwada pa masamba atatu okha. Nditawafunsa kuti chikuvuta nchiyani poti zonse zalembedwa kale, anandiyankha kuti kulemba ndi ntchito ya mwana wasukulu, ntchito ya munthu wamkulu ndi kudziwa choyamba ndi chomaliza.

Maganizo awo pa zimenezi ankawanena paliponse, ngakhale kwa amene sanafunse. Ankati pomwe munthu wayambira nkhani pamasonyeza amene akufuna kuti umuimbe mlandu. Pomwe wathamanga pamasonyeza chimene akubisa. Koma cholemera kuposa zonse ndi pomwe walekera, chifukwa anthu pamaliro amakhala ndi njala, ndi dzuwa, ndi ana olira, sangasenze moyo wonse wa munthu kupita nawo kunyumba. Amanyamula tsamba lomaliza lokha. Zapakati zonse amazimva ngati zinthu zimene zinachitika nkutha. Chakumapeto amachimva ngati chinthu chimene chikudikira yankho lawo.

Amene ankalimbana nawo kwambiri anali a Dayisoni, mlembi wa mpingo wathu, bambo wokonda dongosolo, amene anali ndi fomu yosindikiza ya mizere yodzaza: kubadwa, sukulu, ubatizo, ukwati, ana, matenda, imfa. Tsiku lina ndinawamva kuseri kwa tenti.

"A Bwererani, anthu akupsa ndi dzuwa, adzukulu akudikira kumanda, inu mukadali pa nkhani ya ng'ombe ya malemu?"

"A Dayisoni, chimene mwagwiracho ndi khadi la kuchipatala. Wabadwa, wadwala, wafa. Nkhuku yanu nayonso mbiri yake ndi yomweyo."

"Nkhuku yanga sinabatizidwe."

"Ndiye mwaiposa ndi mzere umodzi basi. Zikomo kwambiri."

Ankatha sabata osalankhulana, kenako uwapeze ali pa bawo ngati palibe chinachitika.

Mkangano wawo waukulu unali pa maliro a mayi wina wa ku Madziabango amene mpingo unamudula chifukwa chophika kachasu. Mayiyo ndi kachasu yemweyo analera ana amasiye a mchemwali wake mpaka onse anaphunzira. A Dayisoni sanakane kuti zonse ziwiri zinenedwe. Ankangofuna kuti ana amasiye akhale poyamba, kachasu pomaliza, kuti likhale phunziro kwa otsala. Amalume anatembenuza. Anayamba ndi mgolo ndi utsi ndi zidakwa zogona pakhomo, osabisa kanthu, mpaka achibale anayamba kuweramitsa mitu. Atafika kumapeto anatchula ana aja mmodzimmodzi ndi ntchito zawo, nkusiyira pomwepo. Kenako amayi a mvano, amene anali atauzidwa kuti asaimbe, anayamba okha nyimbo chapansipansi. A Dayisoni anati kumeneko ndi kuba chigamulo. Amalume anati chigamulo chimabedwa nthawi zonse, nkhani ndi yoti wakuba akubera ndani.

Musaganize kuti anali mngelo. Anali wamakani, wochedwetsa mwambo, ndipo pakhomo pawo anali munthu wa zii. Azakhali ankadandaula kuti bambowa akudziwa mbiri ya wakufa aliyense kuyambira kuno mpaka ku Lunzu, koma afunseni kalasi ya mwana wawo. Ndipo za moyo wawo sankakamba. Ukawafunsa za unyamata wawo ankayambira tsiku limene anavala yunifolomu ya ku bwalo la ndege, nsapato zikuwathina, azungu akuwalankhula zosamveka. Tinkaseka, nkhani nkupitirira. Pano ndimadabwa kuti tonsefe, amene anatibweza m'mbuyo moyo wathu wonse, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anawauzapo kuti amalume, tabwererani pang'ono.

Anabwerera okha, miyezi itatu asanamwalire.

Ine ndimagwira ntchito pa kashopu kotaipa ndi kusindikiza makalata pafupi ndi msika wa Chileka. Ndi pomwe kasatifiketi kanga ka zamakompyuta kanandifikitsa. Masana ena, kukungoyamba kutentha, ndinaona kabaza akutsitsa amalume pakhomo pa shopu. Miyendo inali itatupa, nsapato atangoziponda kumbuyo. Njinga yawo anali atasiya kale kukwera.

"Lusiya, yatsa chimakina chakocho. Lero maliro ndi anga."

"Amalume, zolaula bwanji?"

"Ukufuna ndidzalowe mu fomu ya a Dayisoni? Yatsa."

Mwana wanga Tadala anali kumsana, ali ndi miyezi inayi. Ndinakhala pansi nkuyamba kutaipa. Masamba atatu oyamba anapita tikuseka. Loyamba linali la makolo awo amene anachokera ku Mozambiki wapansi atasenza mtondo ndi Baibulo, ndi ubwana wawo ku Lirangwe. Lachiwiri linali la ntchito ndi ukwati wawo ndi azakhali a Rozina, mmene anawafunsira atabwereka jekete lalifupi manja, ndi ana awo atatu. Lachitatu linali la maliro onse amene anayendamo, ndi kupepesa kwa onse amene anawachedwetsa padzuwa. Tsamba limenelo linali lokoma zedi, loti munthu nkulira ukumwetulira.

Kenako anati ndikankhe chitseko.

Anandiuza kuti asanapite ku Chileka, ali mnyamata ku Lirangwe, anali ndi mtsikana dzina lake Enelesi. Mtsikanayo anatenga pathupi pawo. Nthawi yomweyo iwo anali atalonjezedwa ntchito ija, ndipo anaona ngati mkazi ndi khanda ziwamangirira kumudzi. Ankhoswe a mbali zonse atakumana, anawauza kuti afotokoze. Iwo anafotokoza kuti tsiku lina la msika anaona Enelesi atakwera njinga ya mwamuna wogulitsa nsomba zouma, atamugwira m'chiuno, akudutsa pamaso pa anthu onse. Anatchula tsiku, anatchula mtundu wa chitenje, anatchula amene anaona nawo. Mboni zinavomera. Enelesi atafunsidwa ngati anakweradi, anati eya, nkuyamba kulira, ndipo kulirako akuluakulu anakutenga ngati kuvomera mlandu.

"Zinali zoona?" ndinafunsa.

"Zoona zokhazokha. Koma amene anaimitsa wanjingayo ndi ine. Enelesi anachita chizungulire pamsika, cha mimba yanga yomweyo, ine nkupempha munthu uja kuti amuperekeze kwawo. Ndinamukweza ndi manja angawa." Anayang'ana manjawo. "Sindinaname, Lusiya. Ndinangoyambira pa njinga."

Enelesi anamwalira kalekale. Mwana uja ndi a Feliya, mayi wamkulu tsopano, wa zidzukulu zake, amagulitsa tomato pa msika wa Lirangwe. Akuluakulu a kumudzi ankadziwa, chifukwa nkhope sibisika, koma mlandu unagamulidwa ndipo palibe ankautchula.

"Nanga bwanji osapita nokha kukawapepesa, mukadali moyo?"

"Ndinapitako kawiri."

"Ndiye?"

"Ndinabwerako ndi tomato."

Anaseka, koma maso ali mbuu. Tsamba lachinayi linali lalifupi kuposa onse. Linafotokoza za njinga kuyambira pa chizungulire, nkumaliza ndi mawu awa: Feliya ndi mwana wanga woyamba, aimirire anthu amuone, ndipo nkhata yoyamba ya ana ikhale yake. Anandilangiza kawiri katatu kuti limeneli ndi lomaliza. Ukafika pamenepo upinde pepala, ukweze maso, udikire mpaka aimirire. Usathamange. Chete ameneyo ndi mbali ya mbiri.

Ndinalonjeza. Kulonjeza munthu wotupa miyendo sikuvuta.

Anamwalira mvula yoyamba itangogwa, ndipo tinapita nawo kwawo ku Lirangwe monga mwa mwambo. M'mawa wa tsiku loika ndinali kuseri kwa nyumba ndikuyamwitsa Tadala, mapepala ali mu envelopu pamwendo. Azakhali anabwera atagwiriziridwa ndi amayi awiri. Anali atakomoka kawiri chifikireni, ndi vuto lawo la kuthamanga kwa magazi. Anawauza amayi aja kuti apite, nkukhala pafupi nane pa mwala. Anamugwira Tadala kaphazi. Mwanayu ndi iwo amene amakhala naye ine ndikakhala kuntchito, ndipo ineyo ndi iwo amene anandisunga pa nyumba pawo amayi anga atamwalira.

"Lusiya, amalume ako ndakhala nawo moyo wanga wonse. Ndikuwadziwa. Asandivule lero pagulu, wamva mwanawe? Mawa anene zonse. Lero lokha."

Sanafunse kuti mu envelopu muli chiyani. Sanandiuze kuti ndichotse kanthu. Anadzuka nkubwerera m'nyumba ya siwa.

Kung'amba tsambalo sindikanatha, amalume anali asanalowe n'komwe m'manda. Kuliwerenga pomaliza ndinkaona azakhali akugwa pamaso pa anthu, asuweni anga akundiyang'ana, ine ndikubwerera ku Chileka wopanda kwathu. Ndiye manja anga anachita zimene anaonera pa mphasa ija. Masamba aja aliyense ankaima payekha. Lachinayi linalowa bwinobwino pambuyo pa ubwana wa ku Lirangwe, ngati kuti malo ake anali omwewo. Mwa zaka, malo ake analidi omwewo. Ndinadziuza choncho.

Nditaima pafupi ndi bokosi ndinawaona a Feliya. Sindinafunse munthu, chipumi ndi chibwano zinali za amalume. Anakhala kumapeto kwa amayi, chakumunda, pambali pawo pali kankhata ka maluwa ofiira omangidwa pa waya. Wina anali atawatumizira uthenga kuti abwere nayo. Ndikukhulupirira anali amalume omwe.

Ndinawerenga za njinga. Manong'onong'o anayenda pakati pa anthu ngati mphepo m'chimanga. Ndinawerenga kuti Feliya ndi mwana wanga woyamba, aimirire anthu amuone. Ndi kona ya diso ndinawaona akugwira bondo ndi dzanja limodzi, akuyamba kudzuka. Koma ine sindinapinde pepala. Sindinakweze maso. Ndinali nditalowa kale mu nkhani ya jekete lalifupi manja, ndipo anthu, amene ankafuna pothawira, anaseka mokweza kuposa mmene nthabwalayo inkayenera. A Feliya anatsala ali chiweramire, osakhala osaima, kenako anabwerera pansi pang'onopang'ono nkukonza chitenje.

Pofika kumapeto kwa tsamba la maliro ndi kupepesa kwa ochedwetsedwa padzuwa, anthu onse anali misozi chuchuchu. A Dayisoni ankapukuta magalasi. Nkhani ya njinga inali itasanduka za unyamata, zolakwa zakale za munthu amene pambuyo pake anakhala bwino. Woyendetsa mwambo anaitana nkhata motsata ndandanda umene anapatsidwa kale: amayi a pakhomo, ana atatu, abale, mpingo. Palibe anakumbutsa. Amalume ankanena zoona, anthu ananyamula tsamba lomaliza. Kankhata kofiira kaja ndinakaona madzulo ake katatsamira mtengo kunja kwa manda.

Loweruka lapitali ndinabereka Tadala nkukwera minibasi ya ku Lirangwe. Ndinawapeza pa mzere wa tomato, akuunjika milu.

"Muli bwanji amayi?"

Anandiyang'ana kuyambira kumutu. "Amayi ndani? Ndine msuweni wako ine. Si iwe unawerenga mothamanga ngati ukuthawa mvula?"

Anzawo a pambali anaseka. Anandikankhira chidebe kuti ndikhalepo, nkumupatsa Tadala tomato wamng'ono woti aziseweretsa. Anayamba ndi iwo, maso ali pa milu yawo.

"Ndinamva zonse, usadandaule. Chimene chinandiwawa ndi chimodzi. Munthu wodziwa kuyala nkhani ngati amene uja, ine nkundiika pakati, pondipondera popita ku ukwati wawo. Ndinati basi, ngakhale pakufa andiikabe pa njinga kuti ndidutse msanga."

Ndikanatha kukhala chete. Wakufa sadzitchinjiriza, ndipo mlanduwo unali utamugwera kale. Ndinatulutsa tsamba lija m'chikwama nkuwasonyeza nambala 4 imene ili pansi pake.

"Asuweni, iwo anakuikani kumapeto. Anati ndipinde pepala ndidikire mpaka muimirire. Amene anasuntha ndi ine."

Anatenga pepalalo nkuliyang'ana nthawi yaitali, chala chili pa nambalayo. Wogula wina anabwera, anaima, nkupita pa mulu wa mnzawo. Sanandikalipire. Akanandikalipira mwina zikanandipepukira.

"Kumapeto kwenikweni?"

"Kwenikweni. Pambuyo pake panalibe kanthu."

Analipinda kanayi nkulilowetsa m'bulauzi. Ndinawauza kuti mwezi wamawa tikukavundukula chiliza, ndipo azakhali andipempha kuti ndikawerengenso mbiri ija mmene ndinawerengera, ati inawatonthoza. Ndinati ngati akufuna, ulendo uno ndikawerenga mmene eni ake anafunira, zivute zitani.

"Ayi, msuweni. Ine ndinaimirira kale theka, mawondo angawa zawakwanira. Chimene ndinkafuna kudziwa ndadziwa." Anatola tomato nkumuika mu jumbo. "Ukamuphikire mwanayu. Koma ukadzakalamba udzaphunzire kupuma pakati pa masamba."

Pobwerera ndinadzera kwa azakhali ku Chileka. Kuseri kwa nyumba yawo kuli kachipinda kamene kale kanali khitchini, komwe amalume ankakhala masana onse atapuma ntchito. Azakhali sanakhudzemo kanthu. Mpando wa zingwe ukadali pafupi ndi windo, pakati pake patalowa pansi molingana ndi thupi lawo, mwendo umodzi uli pa njerwa. Pa khoma, pomwe ankatsamiritsa mutu, pali banga lakuda la mafuta a tsitsi. Msomali wa chipewa uli wokha. Pansi pa mpandowo nkhuku yaikira mazira, ndipo nditalowa inangondiyang'ana osadzuka. Ndinaima pakhomo nthawi yaitali, azakhali ali panja akumuimbira Tadala, mawu awo ali amphamvu ngati kale, amoyo ndithu.

Ndikawamva akuimba choncho ndimati ndinachita bwino. Ndikakumbukira dzanja lija pa bondo ndimati ndinaba chinthu chosabwezeka, kwa mayi amene anadikira moyo wake wonse kuti aimirire kamphindi kamodzi. Nthawi zina ndimakwiyira amalume omwe, amene anapita kawiri nkubwerako ndi tomato, mtolo wawo nkusenzetsa ine wa khanda kumsana. Inu amene mwawerenga, simukundidziwa ndipo simudya kwa azakhali, ndiye mukhoza kundiuza mosanyengerera. M'mawa uja, pa mwala uja, kodi ndinachita bwino?